Duwa ya pa sosaite ku Mbare ndi funso loti dziko lino linabatizidwa liti

Lamlungu lapitali msonkhano wa sosaite yathu ya maliro ku Mbare, mumzinda wa Harare, unachedwa ndi ola lathunthu, ndipo chinachedwetsa ndi pemphero. Chizolowezi chathu n'chosinthana: mwezi uno atsegula akulu a mpingo, mwezi wamawa ashehe apereka duwa, kenako timawerenga ndalama ndi kuitana mayina a amene ali ndi ngongole. Tsikulo linali la ashehe. Asanatambasule manja, mnyamata wina amene walowa chaka chino m'malo mwa malemu bambo ake anaimirira.

"Pepani akuluakulu," anatero, "koma Zimbabwe ndi dziko lachikhristu kuyambira pachiyambi. Duwa azikapanga kunyumba."

Ashehe, amene anabadwira ku Mbare konkuno bambo awo atabwera kuchokera ku Mangochi, sanakwiye. Anakonza chisoti chawo n'kufunsa kuti, "Mwanangu, pachiyambi pakepo ndi liti?"

Palibe anayankha mogwira mtima, ngakhale ine. Ndakhala ndikulitembenuza funsoli sabata yonse, makamaka poti Novembala wa 2025 ndiye mwezi wokwanitsa zaka 60 chichitikireni chinthu chimene ndikuona kuti ndiye phata la mkanganowu: tsiku limene boma la azungu la Ian Smith linadzilengezera ufulu.

Amene amafuna kuyambira kutali amatchula Gonçalo da Silveira, wansembe wa chipani cha Jesuit amene anabatiza mfumu Negomo ya ufumu wa Mutapa kumayambiriro kwa 1561. N'zoona anaibatiza, pamodzi ndi amayi ake. Koma mwezi wa Malichi chaka chomwecho mfumu yomweyo inalamula kuti aphedwe, ndipo mtembo wake unaponyedwa mu mtsinje wa Musengezi. Nkhaniyi timaidziwa kudzera m'makalata a Apwitikizi okhaokha, ndipo iwo analoza chala amalonda achisilamu kuti ndiwo anamuneneza kwa mfumu. Apwitikiziwo ankalimbirana golide ndi amalondawo, choncho umboni wawo ndi wa munthu amene ali ndi mbali pa mlandu. Komabe mwangozi umatiuza chinthu china: wansembe woyamba pofika kubwalo la mfumu, Asilamu anawapeza ali kale pomwepo.

Zaka pafupifupi 300 zotsatira tingazidumphe. Amishonale a London Missionary Society anatsegula Inyati mu 1859 mololedwa ndi Mzilikazi, mfumu ya Amandebele, ndipo anakhala zaka zambiri akulalikira osatembenuza anthu oti n'kudzaza benchi.

Chimene mnyamata wathu uja amatanthauza, ngakhale mwina sakudziwa, ndi 13 Sepitembala 1890. M'mawa wa tsikulo gulu la atsamunda la Pioneer Column linaima pamalo amene lero tikuti Africa Unity Square, pamene ojambula zithunzi amakhala pansi pa mitengo ya jacaranda kudikira makasitomala. Edward Tyndale-Biscoe anakweza mbendera ya Britain, Canon Balfour wa Anglican anapemphera, mizinga inalira, malowo n'kutchedwa Fort Salisbury, Harare ya lero. Pemphero linalipo, zimenezo palibe angakane. Wansembe wa Katolika, Andrew Hartmann, nayenso anayenda ndi gululo. Tchalitchi chachikulu cha Anglican chili pambali pa bwalolo mpaka lero, moyandikana ndi nyumba yakale ya malamulo, ngati mapasa.

Koma tiyang'ane chimene chinawabweretsa anthuwo. Aliyense mwa apainiyawo analonjezedwa maekala 3,000 a munda ndi malo 15 okumbapo golide. Amene anawatuma sinali tchalitchi kapena boma, inali kampani ya Cecil Rhodes, British South Africa Company. Maziko a kampaniyo anali pepala la Rudd la pa 30 Okutobala 1888, limene Lobengula, mwana wa Mzilikazi amene analowa ufumu wake, anadindapo polonjezedwa mfuti 1,000, zipolopolo 100,000, mapaundi 100 pamwezi ndi sitima ya pa Zambezi. Womasulira ndi mboni anali m'busa Charles Helm wa ku Hope Fountain. Pa Helm olemba mbiri amasiyana, ena amati anapusitsa mfumu mwadala, ena amati ankakhulupirira moona kuti ufumu wa Amandebele ukagwa uthenga udzalowa. Zonse ziwirizi sizimutsuka. Lobengula atazindikira zimene zinali m'pepalamo analikana, mpaka anatumiza nduna zake kwa Mfumukazi Victoria, koma madzi anali atatayika kale.

Chodabwitsa chili m'chikalata chimene Mfumukaziyo inapatsa kampani pa 29 Okutobala 1889. Ndime ina imanena kuti kampani ndi antchito ake asalowerere pa chipembedzo cha mtundu uliwonse wa anthu a m'dzikomo, pokhapokha pofuna kuteteza umunthu, ndipo mapemphero a mtundu uliwonse aziloledwa. Ndiye kuti pepala lenileni lokhazikitsa ulamuliro wa atsamunda silinatche dzikoli lachikhristu. Kuti lonjezolo linasungidwa ndi nkhani ina. Mipingo inagawiridwa malo aakulu, Chishawasha kwa Akatolika, Epworth kwa a Methodist, ndipo pa 27 Epulo 1898 Nehanda ndi Kaguvi, amizimu amene anali m'gulu la otsogolera kuukira atsamunda, anapachikidwa mumzinda uno. Wansembe Francis Richartz, amene anawayendera m'ndende, analemba kuti Kaguvi anavomera ubatizo n'kupatsidwa dzina loti Dismas, koma Nehanda anakana mpaka mapeto. Apanso mboni ndi wansembe yekhayo. Koma poti iyeyo akanakonda kulemba kuti onse awiri anatembenuka, ndimamukhulupirira akamati mayiyo anakana. Chiboliboli cha mayi wokana ubatizoyo ndi chimene boma linaimika mu 2021 pamphambano ya Samora Machel ndi Julius Nyerere.

Makolo athu analowa m'nkhaniyi ngati matchona. Anabwera wapansi kudzera ku Tete, ena pa magalimoto a Ulere, ena atalembedwa ndi bungwe lolemba antchito la Mthandizi, kudzagwira ntchito m'migodi, m'mafamu a fodya ndi m'makhitchini a azungu. Kumudzi ankati apita ku Halale. Sanabwere ndi chipembedzo chimodzi. Ena anali ndi Buku Lopatulika m'thumba, ndipo mu 1912 m'busa T.C.B. Vlok anachoka ku Nyasaland kudzawatumikira kuno, chiyambi cha mpingo umene lero ndi Sinodi ya Harare ya CCAP. Ayao anabwera ndi Chisilamu n'kumanga mizikiti m'makomboni. Achewa ambiri anabwera ndi gule wamkulu, amene anzathu Achishona amati zvigure. Anthu a magulu atatuwa ankagona m'komboni imodzi, ndipo munthu akamwalira kutali ndi kwawo ankasonkherana bokosi kapena nsalu ya sanda. Masosaite ngati athuwa anabadwa motero.

Tsopano tifike pa Lachinayi, 11 Novembala 1965. Malawi inali italandira ufulu chaka chapitacho, Zambia chimodzimodzi, chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chitatha mu 1963. Britain inkakana kupereka ufulu kwa boma la azungu osafika 250,000 olamulira anthu akuda oposa 4 miliyoni. Atsogoleri a anthu akuda anali otsekeredwa: Joshua Nkomo anali ku msasa wa Gonakudzingwa, Ndabaningi Sithole ndi Robert Mugabe ali m'manja mwa boma. Ian Smith, nduna yaikulu ya Rhodesia, anasankha tsiku ndi ola mosamala: 11 koloko ya tsiku la 11 la mwezi wa 11, nthawi imene Angerezi amakumbukira asilikali awo ofera kunkhondo. Iye ndi nduna zake anasaina chikalata chodzilengezera ufulu atakhala pansi pa chithunzi cha Mfumukazi Elizabeth. Chikalatacho anachikopera kwa cha Amereka cha 1776, koma mawu aja onena kuti anthu onse analengedwa ofanana anawasiya. Masana Smith analankhula pa wailesi, ndipo chakumapeto ananena kuti zimene achitazo n'zoteteza chilungamo, chitukuko ndi Chikhristu.

Pa masiku onse amene munthu angawatche chiyambi cha dziko lino, limeneli ndi limene mtsogoleri wa boma anaimirira n'kumangirira dzikoli ku Chikhristu ndi pakamwa pake. Malemu agogo anga aamuna, amene ankaphika kwa mzungu ku Avondale, ankasimba kuti anamva mawuwo ali kukhitchini chitseko chili chotsegula pang'ono, abwana ndi alendo awo akuwombetsa matambula. Agogowo anali mkulu wa mpingo, Chikhristu chimene ankachitchula pa wailesicho chinali chawonso, koma mbale imene ankadyera inkasungidwa panja pamodzi ndi ya galu.

Chimene anthu amaiwala ndi momwe atsogoleri a mipingo anayankhira. Mabishopu a Katolika anatulutsa kalata mwezi womwewo yotsutsa kuti tsankho libisale kumbuyo kwa dzina la Chikhristu. Bishopu Kenneth Skelton wa Anglican ku Matabeleland anakana poyera kuti boma la Smith ndi lovomerezeka. Garfield Todd, mmishonale wa ku Dadaya amene anakhalapo nduna yaikulu kuyambira 1953 mpaka 1958, anatsekeredwa pafamu pake. Bishopu Donal Lamont wa ku Umtali, Mutare ya lero, anaweruzidwa zaka 10 mu 1976 chifukwa chosaulula kwa boma za omenyera ufulu amene ankafika pa mishoni, ndipo chaka chotsatira anathamangitsidwa m'dziko. Si onse anali mbali imeneyo. Wansembe Arthur Lewis ndi gulu lake la Rhodesia Christian Group ankalalikira kuti Smith ndiye linga lotchinga chikomyunizimu, ndipo azungu ambiri a m'mabenchi ankagwirizana naye kuposa mabishopu awo. Choncho mawu oti dziko lachikhristu atamveka mokweza kuno, oyamba kuwakana anali Akhristu anzawo. M'chaka chomwecho cha 1965 mpingo wa makolo athu wa CCAP unakhala sinodi payokha, ukupemphera m'Chichewa m'malokesheni amene wakuda ankayenda ndi chitupa.

Za 1980 n'zachidule. Mbendera yatsopano inakwera usiku wa pa 17 kulowa 18 Epulo pa bwalo la zamasewero la Rufaro, pamtunda woyenda wapansi kuchokera pamene timachitira msonkhano wathu. Pulezidenti woyamba anali m'busa wa Methodist, Canaan Banana, ndipo atsogoleri ambiri anaphunzira ku mishoni, Mugabe ku Kutama. Koma nkhondo inamenyedwanso m'dzina la Nehanda ndi mizimu ya makolo, chipani cholamula chinkadzitcha cha sosholizimu, ndipo malamulo a dziko amene anagwirizana ku Lancaster House ku London anangopereka ufulu wa chipembedzo osasankha chimodzi.

Ndikuganiza kuti chimasokoneza ambiri ndi Zambia. Kumeneko Frederick Chiluba analengezadi pa 29 Disembala 1991 kuti dzikolo ndi lachikhristu, ndipo mu 1996 mawuwo analowa m'mawu oyamba a malamulo awo. Achibale athu a ku Chipata ndi Lusaka akamanena zimenezo amanena zolembedwa. Kuno, pamene ankalemba malamulo atsopano, mipingo ina inafuna zofananazo, koma zimene anthu anavomereza pa riferendamu ya 16 Malichi 2013 n'zosiyana. Mawu oyamba amavomereza ukulu wa Mulungu Wamphamvuzonse amene tsogolo lathu lili m'manja mwake. Satchula Yesu, satchula mpingo. Gawo 3 limaika kusiyanasiyana kwa zikhalidwe ndi zipembedzo pakati pa mfundo zimene dziko laimapo, ndipo gawo 60 limapatsa aliyense ufulu wopembedza. Ashehe akati Mulungu Wamphamvuzonse, kapena Mshona akati Mwari, palibe chilembo cha m'bukumo chimene chimawatsutsa.

Mnyamata uja ali ndi pake poimira, tisamunamize. Mwa anthu 100 alionse m'dziko muno, oposa 80 amadzitcha Akhristu, pamene Asilamu ali pafupifupi mmodzi. Khirisimasi ndi Pasaka ndi maholide a boma, Idi si holide. Zipatala ndi sukulu za mishoni zanyamula anthu akumidzi m'zaka zimene za boma zinalibe ngakhale panado. Loweruka lililonse mapiri ndi madambo a mzinda uno amayera ndi mikanjo ya mapositori, anthu a mipingo ya Apositoli. Akanati dziko la Akhristu ambiri, ashehe akanagwedeza mutu kuvomera. Chimene chinawawa n'chakuti mawuwo anawagwiritsa ntchito pofuna kukhazika pansi munthu wamkulu amene wasambitsa ndi kuika maliro a anthu athu kwa zaka zochuluka kuposa zimene mnyamatayo wakhala ndi moyo.

Ndipo ife, mwa anthu onse, mawu osankha mwini dziko timawadziwa kulemera kwake. Takhala tikutchedwa mabhurandaya, kutanthauza a ku Blantyre, ndi anthu opanda mutupo, kutanthauza mfunda. Lamulo la unzika la 2001 linasiya ambiri a ife ndi zitupa zolembedwa kuti ndife alendo, ena osavota, ngakhale anabadwira ku Mbare, Highfield kapena Mufakose. Buku lomwelo la 2013 limene linakana kusankha chipembedzo chimodzi ndi limene, pa gawo 43, linabwezera unzika kwa obadwira kuno amene kholo lawo linachokera m'dziko la SADC. Pa gawo 6 lili ndi zilankhulo 16 zovomerezeka, ndipo chifukwa cha ndondomeko ya zilembo, choyamba pamndandandawo ndi Chewa.

Ku msonkhano kuja nkhani inatha ndi amayi ena a chigwirizano, amene anakumbutsa mnyamatayo kuti pa maliro a bambo ake ku manda a Granville, amene anatsogolera adzukulu pokonza manda anali mwana wa ashehe omwewo. Mnyamatayo anakhala pansi. Ashehe anapereka duwa yaifupi kuposa masiku onse, msungichuma anatsegula buku, ndipo dzina loyamba pa angongole linali langa.