Kutupa miyendo si matenda a mtima okha

Ambiri amaganiza kuti munthu wachikulire akatupa miyendo n'kumabanika, vuto ndi mtima basi. Nthawi zina gwero lake limakhala m'mimba. Mtsempha waukulu wa aorta, wonyamula magazi kuchokera kumtima kudutsa m'mimbamo, ukafufuma, makamaka mwa abambo opitirira zaka 65 amene ankasuta fodya, umatha kubooka n'kulumikizana ndi vena cava, mtsempha wobwezera magazi kumtima. Sizichitikachitika, koma zimapha msanga. Magazi amasefukira m'njira yolakwika, mtima n'kulemedwa, ndipo mkodzo umatha kutuluka ndi magazi.

Dokotala akagwira pamwamba pa mchombo amatha kumva chotupa chogunda, ndipo akaika stethoscope (chida chomvetsera kugunda kwa mtima) amamva phokoso losalekeza ngati la chigayo. Wodwala wotere amafunika sikani ya CT (kujambula m'kati mwa thupi) ndi opaleshoni mwachangu. Mapiritsi okodzetsa, amene amaperekedwa pochepetsa kutupa miyendo, sangatseke bowolo.