Jakisoni wa B12 wa moyo wonse: mafunso ndi mayankho

Adokotala akuti ndili ndi pernicious anemia. Kodi ndi kuchepa kwa magazi komwe tinazolowera kuja?

Magazi achepadi, koma gwero la vutoli lili m'chifu. Vitamini B12 salowa m'thupi payekha. Amafunika kugwirana ndi puloteni yotchedwa intrinsic factor, yomwe imapangidwa m'khoma la chifu, kenako n'kukayamwidwa kumapeto kwa matumbo ang'onoang'ono. Mwa odwala matendawa, chitetezo cha m'thupi chimaukira maselo opanga puloteniyi, ndipo B12 amangodutsa n'kutuluka. Zikatero maselo ofiira amakhala ochepa, akuluakulu koma osalimba. Munthu amatopa msanga, amapuma mwawefuwefu, lilime limafiira n'kusalala ndipo limawawa akamadya.

Nditamadya nyama, mazira ndi mkaka mokwanira sindingachire?

Ayi. Chakudyacho chili ndi B12, koma polowera ndi potseka. Mapiritsi a ayironi nawonso sathetsa vutoli.

Jakisoniyu amabayidwa liti?

Poyamba amabwera motsatizana kuti thupi lidzaze nkhokwe yake, mwachitsanzo miligalamu 1 katatu pa sabata kwa masabata awiri, ndipo amapitirira pamenepo ngati minyewa yotumiza mauthenga m'thupi yakhudzidwa. Kenako jakisoni wa B12 wa mtundu wa hydroxocobalamin amabayidwa pa miyezi iwiri kapena itatu iliyonse, wa mtundu wa cyanocobalamin mwezi ndi mwezi. Ena amapatsidwa mapiritsi amphamvu kwambiri tsiku lililonse, chifukwa pafupifupi gawo limodzi mwa 100 limalowabe popanda puloteni ija. Chosankha chili kwa adokotala anu.

Ndikupeza bwino tsopano. Ndisiye?

Chonde musasiye. Funsoli ndi lomwe limandidetsa nkhawa kuposa onse. Chiwindi chimasunga B12 wokwanira zaka zingapo, choncho munthu wosiya jakisoni amatha miyezi yambiri osamva kalikonse, n'kumati anachira. Pomwe nkhokwe ikutha mwakachetechete. B12 ndiye amasamala chikuto chomwe chimakuta minyewa, ndipo chikayamba kuwonongeka zala zimachita dzanzi, mapazi amamveka ngati akubayidwa ndi timasingano, kumanga batani la malaya kumavuta, ndipo poyenda mumdima munthu amadzandira chifukwa sakumva bwino pomwe waponda. Ena amayamba kuiwalaiwala, abale n'kumati ndi ukalamba basi, poti matendawa amakonda anthu opitirira zaka 60. Magazi amabwerera m'malo pa masabata ochepa. Minyewa imachira pang'onopang'ono, ndipo ikawonongeka kwa nthawi yaitali pena sibwereranso. Jakisoni sakonza chifu, amangolambalala njira yotsekekayo, n'chifukwa chake ndi wa moyo wonse.

Nanga folic acid, poti akuti amawonjezera magazi?

Amawonjezeradi, ndipo ngozi yake ili pomwepo. Zotsatira za magazi zimaoneka bwino pamene minyewa ikupitiriza kuwonongeka. Ngati muli ndi dzanzi, pemphani kuti akuyezeni B12 musanayambe kumwa folic acid payekha.

Kodi matendawa amapha?

Kale ankapha ndithu, ndipo dzina lakuti pernicious likutanthauza chinthu chowononga mpaka imfa. Mu 1926 George Minot ndi William Murphy anapeza kuti odwala amatsitsimuka akamadya chiwindi chochuluka tsiku ndi tsiku, ndipo mu 1934 analandira mphoto ya Nobel pamodzi ndi George Whipple. Vitamini B12 weniweniyo anapezeka mu 1948. Lero wosaphonya jakisoni amagwira ntchito zake ngati wina aliyense. Koma poti chifu chodwala motere chimakhala pa chiopsezo chokulirapo cha khansa, mukayamba kuonda popanda chifukwa kapena kuvutika kumeza, musadikire tsiku la jakisoni, pitani mukaonane ndi adokotala.