Ayi, wa ku famase ku America sanasanduke dokotala

M'magulu a WhatsApp mukuyenda nkhani yoti ku America malamulo atsopano alola ogwira ntchito m'mafamase kupereka mankhwala alionse popanda kalata ya dokotala. Imeneyi ndi nkhambakamwa chabe.

Kumeneko chigawo chilichonse chimakhala ndi lamulo lake pa nkhaniyi. Ku California, bwanamkubwa Jerry Brown anasainira lamulo la SB 493 mu 2013. Lamuloli linalola akatswiri a mankhwala a m'mafamase kupereka paokha zinthu zowerengeka: mankhwala olerera, othandiza kusiya fodya, akatemera, ndi mankhwala ena a anthu opita kumayiko akunja. Mu 2019 lamulo lina linawonjezerapo PrEP ndi PEP, zoteteza ku HIV.

Ndipotu samangotola pa shelefu n'kukupatsani. Potsatira lamulo la 2013 lija, mayi wofuna mapiritsi olerera ankayamba wayankha mafunso a pa fomu okhudza thanzi lake, kenako ankamuyeza BP. Ikapezeka yokwera, mapiritsi ena sankamupatsa, ankamutumiza kwa dokotala. Katswiriyonso ankayenera kuphunzira kaye ntchito imeneyi.

Koma mankhwala amphamvu ngati morphine, mukafika pa kauntala chimanjamanja, opanda kalata, mudzabwerako chimanjamanjanso.