Sitima yopulumutsa ikafika, ngozi imakhala isanathe

Anthu ambiri amaganiza kuti sitima yaikulu ikaona boti la anthu othawa kwawo pa nyanja ya Mediterranean, chofunika n'kuliyandikira msanga n'kuyamba kukweza anthu. Komatu nthawi yoopsa kwambiri ndi imeneyo. Anthu akaona thandizo amathamangira mbali imodzi, ndipo boti lodzaza mopitirira muyeso limatembenuzika.

Pa 18 Epulo 2015, kufupi ndi Libya, boti la asodzi lodzaza ndi anthu othawa kwawo linagundana ndi King Jacob, sitima ya katundu imene inabwera kudzathandiza, n'kumira. Anapulumuka anthu 28 okha. Mazana ambiri anafera m'zipinda zapansi za botilo.

N'chifukwa chake sitima imaima chapatali n'kutumiza maboti aang'ono othamanga. Opulumutsa amayamba ndi kulankhula, m'Chiarabu, Chifalansa kapena Chingerezi, kuti aliyense akhale pansi. Kenako amagawa majekete oyandamitsa kwa onse asanachotse ngakhale munthu mmodzi. Odwala, ana ndi amayi amatsogozedwa. M'maboti a labala, amayi ndi ana nthawi zambiri amakhala pakati, pomwe petulo wotayika amasakanikirana ndi madzi amchere n'kuwotcha khungu koopsa. Akangokwera sitima, zovala zonyowazo zimavulidwa ndipo amasambitsidwa ndi madzi opanda mchere.