Mkangano wa obwera ku America: mmene unafikira pano

M'chaka cha 1942, amuna ambiri a ku America atapita kunkhondo, minda ya ku California inasowa okolola. Boma la America linagwirizana ndi dziko la Mexico kuti anthu akumeneko azidzagwira ganyu, zokolola zikalowa azibwerera kwawo. Mgwirizanowu unkatchedwa Bracero, ndipo unatha mu 1964 makontilakiti oposa 4 miliyoni atasainidwa. Ouzonda ankati aganyuwo akuzunzidwa, komanso akugwetsa malipiro a eni dziko. Aganyuwo atachotsedwa, kodi malipiro anakwera? Katswiri wa zachuma Michael Clemens ndi anzake atafufuza anapeza mu 2018 kuti sanasinthe kwenikweni. Alimi a tomato anangogula makina okololera, ena n'kusintha mbewu.

Chaka chotsatira, 1965, Pulezidenti Lyndon Johnson anasaina lamulo lothetsa tsankho la 1924 lomwe linkakondera azungu a kumpoto ndi kumadzulo kwa Ulaya. Koma lamulo lomwelo, kwa nthawi yoyamba, linaika malire pa chiwerengero cha ochokera m'maiko oyandikana nawo. Apa mpamene panagona lende. Mabwana sanaleke kufuna manja, anthu sanaleke kuwoloka, kungoti tsopano ankawoloka opanda zikalata.

Pulezidenti Ronald Reagan anayesa kukonza zinthu mu 1986. Anthu pafupifupi 2.7 miliyoni analandira chilolezo chokhala m'dzikomo, ndipo bwana wolemba ntchito munthu wopanda mapepala amayenera kulipira chindapusa. Chikhululukocho chinachitikadi. Chindapusacho n'chomwe chinakhala cha pakamwa, poti zikalata zabodza zinadzaza msika ndipo mabwana ankangozilandira. Mpaka lero aphungu ambiri a chipani cha Republican akamva zokhululukira obwera amakumbuka 1986, n'kumati tinapusitsidwapo kale.

Akatswiri a zachuma nawo ali ndi mlandu wawo wosatha. Mu 1980 anthu pafupifupi 125,000 anachoka padoko la Mariel ku Cuba pamabwato, ambiri n'kukakhazikika ku Miami. M'miyezi yochepa, anthu ogwira ntchito mumzindawo anachuluka ndi 7 peresenti. David Card analemba mu 1990 kuti malipiro ndi ulova wa eni mzinda sizinagwedezeke. Mu 2015 George Borjas wa ku yunivesite ya Harvard, mbadwa ya ku Cuba iye mwini, anaunikanso nkhaniyo poyang'ana amuna okhaokha osamaliza sekondale, napeza kuti malipiro awo anatsika ndi 10 mpaka 30 peresenti. Anzake anamutsutsa kuti anthu omwe anawawerenga anali ochepa zedi. Kwa ine, phindu la mkangano wawowu n'lakuti umakakamiza andale kutchula amene akumunena. Mwini hotelo ndi wotsuka mbale m'hotelomo saona mlendo mofanana.

Pamisonkho napo pali chinyengo cha masamu. Ambiri opanda zikalata amadulidwa ndalama ya penshoni ya Social Security yomwe sadzaidya, ndipo imapita kuthumba la boma lalikulu ku Washington. Koma sukulu ya ana awo ndi zipatala zadzidzidzi amalipira kwambiri ndi maboma a zigawo ndi mizinda. Lipoti la 2016 la bungwe la akatswiri a sayansi la National Academies of Sciences linaonetsa zimenezi, n'kuonjezera kuti ana a obwerawo akakula amakhala m'gulu la okhoma msonkho wochuluka. Meya amene bajeti yamuthina chaka chino sangatonthozedwe ndi phindu lodzabwera patatha zaka 20.

Mu 2013 Senate, imodzi mwa nyumba ziwiri za malamulo zomwe zimapanga Congress, inavomereza bilu yaikulu ndi mavoti 68 kwa 32, yolimbitsa malire ndi kutsegulira njira ya unzika anthu pafupifupi 11 miliyoni. Ofesi ya bajeti ya Congress inati biluyo ichepetsa kupelewera kwa ndalama za boma. Sipikala John Boehner sanaibweretse n'komwe m'nyumba inayo, ya House of Representatives, kuti aphungu avotere. Chotsalira chakhala malamulo a pulezidenti, omwe wolowa m'malo amatha kufafaniza. Barack Obama anateteza obwera ali ana kudzera mu ndondomeko yotchedwa DACA mu 2012, Donald Trump anafuna kuithetsa mu 2017, ndipo khoti lalikulu linamuletsa mu 2020 ponena kuti boma lake silinatsate ndondomeko.