Mwaitanidwa pa bwato la thanga ku Cape Town? Funsani izi musanakwere

Ena mwa abale athu ku Cape Town amagwira ntchito kwa anthu okhala ndi maboti, ndipo tsiku lina bwana amangoti, "Loweruka lino tikayende panyanja." Pitani ndithu, koma mudziwe malamulo a SAMSA, bungwe loona za chitetezo cha panyanja. Malamulowa anakhazikitsidwa mu 2007 pofuna kuteteza anthu oyenda m'maboti ang'onoang'ono ku South Africa.

Kodi ine wongokwera ndikufunika chiphaso?

Ayi. Chiphaso n'cha woyendetsa. Lamulo limafuna kuti akhale nacho ngati bwato la thangalo ndi lotalika mamita 9 kapena kuposa, kapenanso ngati ndi boti la injini yoposa mahosipawa 15.

Akakhala nacho, ndiye kuti tingapite kulikonse?

Apa mpamene ambiri amasokonezeka. Ziphaso zimene limapereka bungwe la South African Sailing zili ndi malire. Cha Day Skipper n'cha masana okhaokha, kuyambira dzuwa kutuluka mpaka kulowa, ndipo mwini wake sapitirira mamailo apanyanja 25 kuchokera padoko lake. Mailo imodzi yapanyanja ndi makilomita 1.852. Tsono ulendo umene anthu amaukonda wochokera ku Table Bay kukagona ku Saldanha ndi wa mamailo pafupifupi 60. Ngakhale chilumba cha Dassen, pamene maboti amaima panjira, chili kunja kwa malirewo. Ulendo wotere umafuna munthu wa chiphaso cha Coastal Skipper, chimene chimalola kuyenda usiku. Mukamva kuti tikagona konko, funsani mwaulemu: "Bwana, chiphaso chanu n'chiti?" Woyendetsa wodziwa ntchito sakwiya nalo funso limeneli.

Nanga bwatolo nalo lili ndi mapepala?

Inde, limayesedwa chaka chilichonse n'kupatsidwa satifiketi yosonyeza kuti lili bwino. Limaikidwanso m'gulu: la E silipitirira mailo imodzi kuchokera kumtunda, la D mamailo 5, la C 15, la B 40.

Ndinakulira ku Nkhata Bay, kusambira ndimatha. Jekete yoyandamitsa ndiivalirenji?

Pano mundimvetse, achimwene. Madzi a nyanja yathu ndi ofunda. Mwana amasewera m'menemo mpaka zala kuchita makwinya. Mbali ya Atlantic ya Cape Town madzi amazizira ngati otunga mufiriji, ngakhale mu Januwale dzuwa likuswa mtengo. Mukagweramo mpweya umabanika, manja amauma, ndipo posakhalitsa simungathe n'kugwira chingwe chimene akuponyerani. Luso lanu la kosambira silikuthandizani pamenepo.

Lamulo limati aliyense akhale ndi jekete yake m'bwatomo. Mwana wosakwana zaka 12 aivale nthawi zonse akakhala panja bwato likuyenda, ndipo wamkulu aivale woyendetsa akalamula. Ine ndimati valani musanauzidwe, mumange malamba mpaka akugwireni bwino. Mphepo ya kum'mwera chakum'mawa imene amaitcha Cape Doctor imabwera mwaukali ngati mwera wa mu Julaye kwathu.

Mowa bwanji?

Woyendetsa saloledwa kuyendetsa ataledzera, monga momwe zilili pamsewu. Akayamba kumwa muli pakati pa madzi, mlankhuleni.

Zikavuta tiitane ndani?

Pa wailesi ya m'bwato, tchanelo 16. Pa foni imbani 112, mupemphe a NSRI, anthu odzipereka opulumutsa anzawo panyanja. Musananyamuke, muuzeni woyendetsa akuonetseni batani lolankhulira pa wailesiyo, chifukwa wogwera m'madzi akhoza kukhala iyeyo. Wina wotsala kumtunda adziwenso dzina la bwato, kumene mukupita ndi ola limene mubwerere.