Munthu-mkango wa ku Hohlenstein-Stadel: chiboliboli chimene akhala akuchilumikiza kuyambira 1969

Pa 25 Ogasiti 1939, Otto Völzing ndi anzake ankamaliza ntchito yokumba m'phanga la Hohlenstein-Stadel, m'chigwa cha mtsinje wa Lone kumwera kwa dziko la Germany. Ankamaliza mothamanga, chifukwa amuna anali atayamba kuitanidwa ku usilikali, ndipo patangotha sabata nkhondo yachiwiri ya padziko lonse inabuka. Tsiku lomalizalo anatola tizidutswa tambirimbiri ta mnyanga wa mammoth, njovu yaubweya ija inatha kalekale, n'kutilongeza m'bokosi. Mkulu wa ntchitoyo anali Robert Wetzel, mphunzitsi wa za thupi la munthu ku yunivesite ya Tübingen, membala wa chipani cha Nazi, ndipo ndalama zokumbira zinkachokera ku Ahnenerbe, nthambi ya SS (gulu la asilikali a chipanicho) imene inkafunafuna umboni woti makolo a Ajeremani anali anthu opambana. Tizidutswato tinakathera ku nyumba yosungiramo zinthu zakale ya mumzinda wa Ulm, ndipo tinakhala m'bokosi zaka 30.

Mu 1969 Joachim Hahn, katswiri wa zinthu zakale, polemba kaundula wa zomwe zinali m'mabokosimo, anaona kuti tizidutswa tina tili ndi zizindikiro zoti munthu anasema. Anayamba kutilumikiza, ndipo pa tizidutswa toposa 200 panatuluka chinthu choimirira ndi miyendo iwiri ngati munthu, koma mutu wake, ngakhale unali wosakwanira, sunali wa munthu. Hahn anati ndi mwamuna wa mutu wa nyama. Zotsatira zake ndi mkangano umene sunathebe mpaka lero.

Choyamba kudziwa n'chakuti chibolibolichi palibe munthu wa masiku ano amene anachionapo chili chathunthu. Mnyanga umakula mosanjikizana ngati anyezi, ndipo ukakhalitsa m'dothi umasendeka motsata misanjikoyo. Choncho aliyense amene ananenapo za tanthauzo lake ankanena za chinthu chimene manja a munthu wina anamata ndi guluu, mipata n'kutseka ndi phula. Tizidutswa tikawonjezereka, nkhani inkasinthanso.

Zinaterodi m'zaka za m'ma 1980. Tizidutswa tina titapezeka, kuphatikizapo ta pamphuno ndi pakamwa, Elisabeth Schmid wa ku Basel anatsimikiza kuti mutuwo ndi wa mkango wa m'mapanga, mtundu umene unali ku Ulaya m'nyengo ya madzi oundana. Chibolibolicho anachimanganso mu 1987 ndi 1988 ku Stuttgart, chinatalika masentimita 29.6, ndipo Schmid anati ndi mkazi: mutu wa mkango waukazi, thupi la mayi. Pansi pa mimba pali kachidutswa ka makona atatu, ndipo iye anakawerenga ngati chizindikiro cha ukazi. Ena anawonjezera kuti mkangowo ulibe manyenje. Koma mfundo ya manyenjeyi inagwa msanga, poti zojambula za m'phanga la Chauvet ku France zikuonetsa mkango umene zikuonekeratu kuti ndi wamphongo, m'khosi muli mbee. Zikuoneka kuti mikango ya m'mapanga inalibe manyenje ngati ya kwathu kuno.

Ajeremani anapeza pothawira m'chilankhulo chawo. Amachitcha Löwenmensch, ndipo Mensch ndi munthu basi, wamwamuna kapena wamkazi. Chichewa chimatha kutero mosavutika, koma Chingerezi chinasankha mawu oti mwamuna, ndiye alendo ambiri amafika ku Ulm mlandu atagamula kale.

Kuyambira mu 2009, katswiri wina wa zinthu zakale, Claus-Joachim Kind, anapita kuphangako n'kukasefa dothi limene a Völzing anatayira pambali pothamanga muja. Anapezamo tizidutswa tina mazanamazana. Mu 2012 ndi 2013, ku Esslingen, akatswiri anasungunula guluu ndi phula zakale, anaphwasula chiboliboli chonse n'kuyambiranso. Lero chili ndi tizidutswa toposa 300, n'chotalika masentimita 31.1, ndipo zaka zake akuti zili pafupifupi 40,000. Kachidutswa ka makona atatu kaja anakapeza kuti wosema anakadula mozungulira kuti kaime pakokha, ndiye amene anagwira ntchitoyo akuti ndi chiwalo cha mwamuna. Hahn, amene anamwalira mu 1997, sanaone kuti mawu ake abwereranso pamwamba.

Ine mkangano wa mwamuna kapena mkaziwu sundikoka kwambiri poyerekeza ndi funso lakuti: wosemayo ankasema chiyani? Pali mayankho atatu amene amamveka kawirikawiri, ndipo sali ofanana mphamvu. Ena amati ndi munthu wovala chikopa ndi mutu wa mkango. Ena amati ndi cholengedwa cha m'nthano kapena mulungu, chimene sichinayendepo padziko. Ena, potsata maganizo a David Lewis-Williams wa ku South Africa, amati ndi sing'anga amene wagwidwa ndi mizimu ndipo akusandulika nyama. Lewis-Williams anamanga maganizo akewo pa zojambula za anthu a mtundu wa San m'mapiri a Drakensberg, momwe muli anthu a mitu ya ntchefu, ndiponso pa zimene Asan eni ake anafotokoza za kuvina kwawo kochiritsa. Kumeneko umboni ulipo chifukwa eni miyambo analankhula. Kunyamula tanthauzolo kupita nalo ku Ulaya wa zaka 40,000 zapitazo ndi ulendo wautali, ndipo akatswiri ambiri amakana kukwera nawo.

Amene tinakulira kumene kumatuluka gule wamkulu tikhoza kuwauza akatswiriwa kuti mayankho atatuwo mwina sakanakhala atatu kwa eni ake. Chilombo chikafika pabwalo, anthu a m'mudzi sachigawa kuti ichi n'chovala, ichi ndi mzimu. Sindikunena kuti anthu a ku Lone anali ndi dambwe, ayi. Ndikungoti funso loti "ndi chigoba kapena ndi mulungu" ndi la munthu woonerera ali kutali.

Palinso ena amene amakana nkhani yonseyi. Paul Bahn ndi Elle Clifford analemba kuti palibe munthu-mkango apa, koma chimbalangondo choimirira ndi miyendo yakumbuyo, monga zimbalangondo zimachitiradi. Ambiri sanagwirizane nawo, poloza makutu ndi kukamwa kuti n'za mkango, komanso kachiboliboli kena kakang'ono, ka masentimita awiri ndi theka, kamene gulu la Nicholas Conard linapeza m'phanga la Hohle Fels, m'dera lomwelo, kooneka ngati munthu wa mutu wa mkango. Komabe chenjezo lawo n'lomveka: womata tizidutswa akakhala kuti akuyembekezera mkango, dzanja lake limatsata maso ake.

Zimene mnyangawo ukunena wokha n'zochepa, koma n'zolimba. Wulf Hein atayesa kusema china chofanana nacho ndi zida zamiyala, zinamutengera maola oposa 370. Anthu osaka nyama m'dziko lozizira choncho analola mmodzi wa iwo kukhala pansi masabata ambiri akupala mnyanga, ena akumudyetsa. Pamkono wamanzere pali mizere isanu ndi iwiri yolembedwa mwadala. Thupi lake n'losalala ngati chinthu chimene manja ambiri anagwiragwira. Ndipo sanachisiye pakhomo la phanga pamene ankasonkha moto, koma m'kachipinda ka mkati kwenikweni, kumdima, pafupi ndi mano a nyama oboola ovala m'khosi.

Mu 2017 bungwe la UNESCO linaika phangali, pamodzi ndi ena asanu a m'deralo, pa mndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse. Chibolibolicho chikadali ndi mipata, ndipo tizidutswa tina ta mnyanga tomwe Kind anasefa sitinapezebe pokhala.